Drop C ikundivuta, waya wamkulu akungolendewera

Gitala_Ndirande: Akuluakulu ndithandizeni. Kwabwera anyamata atatu ku situdiyo kwanga akufuna kujambula nyimbo ziwiri za metal Loweruka likudzali, akuti zikhale mu Drop C ngati mmene amachunira a System of a Down, ndiye kuti C G C F A D kuyambira waya wamkulu. Gitala yawo khosi linapindika kalekale ndiye tigwiritsa yanga, yamtundu wa Fender Strat, mawaya 9-42 (manambala a kunenepa kwa waya, wamng'ono 9 wamkulu 42). Ndakhwefula mpaka tchuna yawonetsa C koma waya wamkulu ali lendelende, ukaumenya mwamphamvu singano ikuthamangira ku C# kenako nkumabwerera pang'onopang'ono, mafureti oyambirira akuchita zzz, ndikaika distortion zikungomveka phala lokhalokha. Ndalakwitsa pati?

Chipata_Fuzz: Amwene 42 pa C siingagwire olo mutani. Ine kuno ndinaikapo waya wa besi, wa 65, unagwira bwino ndithu.

Madala_aKawale: Mwana wanga za waya wa besi zisiye kaye, kampira kakumapeto kwake nkakakulu sikalowa mu bulija (pogwirira mawaya kumunsi kwa gitala) ya Strat, ndipo pa chokungira uyenera kuboola, uononga gitala chifukwa cha nyimbo ziwiri. Nkhani ili apa: ukatsitsa waya kuchoka pa E kufika pa C watsika masemitoni 4 (ngati mafureti 4), kuchoka pa 82 Hz kufika pa 65 Hz, ndipo kukungika kwake kumatsala pafupifupi 63 peresenti ya poyamba. Waya wa 42 pa E umakoka pafupifupi makilo 7, pa C watsala ndi 4 basi. Waya wofewa choncho ukaumenya umayenda mtunda wautali, ukutambasuka, nchifukwa chake noti ikuyamba yakwera kenako nkukhazikika. Si tchuna yako yafa ayi. Peza 11-56 kapena 12-60, pa 56 paja umabwereranso cha mmakilo 7 ndi theka ndipo dzanja lako lizindikiranso gitala yake.

Gitala_Ndirande: Zikomo madala, koma ndazungulira mtauni ndi ku Limbe dzulo, kulikonse ndikupeza 9-42 ndi 10-46 zokha. Kuitanitsa kunja sizifika Loweruka.

NaBanda_Besi: Achimwene funsani ngati ali ndi paketi ya gitala ya mawaya 7, nthawi zina imangokhala pa shelefu poti palibe oigula. Ya D'Addario ya 10-59 imakhala 10, 13, 17, 26, 36, 46, 59. Chotsani 10 musunge, otsalawo ndi 13-59, Drop C yakwana. Wachitatu akhala wokulungidwa, kumupinda pa solo kumalimba, koma makodi amamveka oyera kuposa waya wosalala wonenepa. Zikakanika ndiuzeni lero lomwe, kuli munthu akukwera basi kuno ku Joni Lachiwiri, ndingampatsire.

Chipata_Fuzz: Koma madala nanga Tony Iommi, wa gitala wa Black Sabbath? Uja anaduka nsonga za zala ziwiri ku fakitale ku Birmingham ali ndi zaka 17, pa Master of Reality mu 1971 anatsitsa mpaka C# ndi timawaya topyapyala, ndipo kulemera kwa chimbale chija mpaka lero anthu akukusakasaka.

Madala_aKawale: Zoona, ndipo ndimamulemekeza kwambiri. Koma iye ankafuna kufewako chifukwa cha zala zake, ndipo dzanja lake lomenyera linazolowera kusisita waya osati kuukhapa. Marifu akenso ambiri ngoyenda mwapang'onopang'ono, noti ili ndi nthawi yokhazikika. Anyamata a masiku ano amatsamiritsa chikhatho pa bulija nkumagogoda mothamanga, noti iliyonse ndi yaifupi, ndiye khutu limangomva poyambira pomwe pakwera paja. Mmanja mwao waya wofewa umamveka wosachunidwa kuyambira koyamba mpaka kumapeto.

Ndirande, ukapeza mawayawo usangoika nkuyamba kujambula. Choyamba nati, kafupa kaja ka kumutu. Mipata yake inadulidwira 42, ndiye 59 akhala pamwamba osalowa, ukakakamiza kamang'aluka pakona. Ulibe tupa wake, dula kachidutswa ka waya wakale wokulungidwa, ukulunge sandipepa wosalala, uzikulitsa mmbali mokha, pansi usakhudze. Ukakumba pansi waya agona pa fureti yoyamba ndipo pamenepo mpofunika nati yatsopano. Pomaliza pala nsonga ya pensulo, fumbi lake uthire mmipatamo.

Kenako khosi. Zzz amene ukumumva pano nchifukwa choti mawaya asiya kukoka ndiye chitsulo cha mkati chabweza khosi chagada. Ukaika olemera zisintha, choncho usakhudze chitsulocho (truss rod) lero. Ika mawaya, chuna, igone usiku umodzi. Mawa dina waya wamkulu pa fureti yoyamba ndi yomaliza, uyang'ane pa fureti 8, pazikhala kampata koti kakhadi kopyapyala kalowe mokhudza. Kakakula, mangitsa truss rod ndi alen ki, uzungulitse kota imodzi yokha nkudikira. Ndaonapo khosi lathyoka chitsulo mkati chifukwa munthu anazungulitsa katatu nthawi imodzi, zinandiwawa ngati yanga.

NaBanda_Besi: Musaiwale masipuling'i kumbuyo, bulija ya Strat ikadzuka kumatako ikani onse 5 kapena tsekerani kathabwa isamayende. Ndiponso intonation, kuti noti zizilondola pa mafureti onse: mukadina pa fureti 12 noti nkukwera kuposa harmonic yake (kulira kwa waya mukangoukhudza pamenepo osadina), bwezerani sadulo (kachitsulo kogonera waya pa bulija) kumbuyo kutali ndi khosi. Pa 59 mwina ifika kumapeto kwenikweni, ena amadula kasipuling'i ka pa sikuluwu ya sadulo kuti apeze malo. Mwayi wanu Strat ndi mainchesi 25.5, ikanakhala ya mtundu wa Les Paul ya 24.75 bwenzi waya ali wofewerapo.

Mix_Zomba: Za phala zija ine ndiyankhe. Theka lake si gitala, ndi ampu. Tikamva kuti heavy timathamangira kukweza bass ndi gain, pomwe C uja ali kale mdera la besi ndi kiki. Tsitsani gain mpaka muzimva pikiyo ikukhudza waya, bass ya pa ampu cha pa 3 kapena 4, mid musaichotse. Muli ndi pedulo ya Tube Screamer kapena pulagini yake ikani patsogolo pa ampu, drive ziro, level pamwamba, imadula zapansi zisanalowe mu distortion ndiye kugogoda kumamveka kothina. Jambulani kawiri, wina kumanzere wina kumanja. Kulemera kwenikweni kuchokera kwa wa besi, ndiye mfunseni achuna bwanji, C wake ndi 33 Hz, ngati ali ndi ya mawaya 5 akweze B wake semitoni imodzi mmalo mokhwefula E.

Gitala_Ndirande: Ndabwera ndi lipoti. Chemwali NaBanda munalondola, paketi ya mawaya 7 ndaipeza imodzi yokha, yafumbi. Nati ndakulitsa monga munanenera madala, masipuling'i ndaika 5, khosi linafuna kota imodzi. Singano pano ikungogwedera pang'ono nkuima, ndikuchunira pomenya osati noti ikamazilala. Chatsala nchakuti wachitatu, wa 26 uja, ndikamakunga akulira ting nkudumpha.

Madala_aKawale: Akukodwa mu nati ameneyo, mpata wake unali wa 16 wosalala. Mpatsenso sandipepa kawiri katatu mmbali ndi pensulo, ukatha umukoke ndi chala pa fureti 12 uone ngati akubwerera pa F. Wa besi uja wanena kuti ali ndi mawaya angati?