Gitala ndi mawu basi, nanga besi ikuchokera kuti?

Nabanda: Abale, ndaonera kanema wa mayi woimba Ella Fitzgerald ndi katswiri wa gitala Joe Pass akuimba ku Hannover, ku Germany, mu 1975. Palibe ng'oma, palibe woimba besi, koma besi ndikuimva. Zikutheka bwanji?

Wagitala: Ndi Pass yemweyo, achemwali. Chala chachikulu chimayenda pa nsambo zonenepa, zala zinazo zikukhwatcha makodi (mawu a nsambo zingapo olira pamodzi). Muyang'anitsitse dzanja lake lamanja, muona kuti akuimba ndi zala.

Malume: Ine chimandikhudza ndi kudikirana kwawo. Mayiwo akakoka mawu, bamboyo amaleza mtima, osawathamangitsa, mpaka atapuma mpweya ndiye n'kuwayankha. Pa anthu awiri palibe pobisala, ukaphonya aliyense amamva.

Nabanda: Zikomo malume, ndikaoneranso ndi mahedifoni.