Ulendo wa ku Saint-Louis ku Senegal: masiku awiri akwanira?

Wapaulendo:
Akuluakulu, mu Disembala ndikakhala ku Dakar ndipo ndikapeza masiku awiri opuma. Ndikufuna kukaona Saint-Louis, mzinda wakale wa Afalansa uja. Kayendedwe kake nkotani, nanga nkuyambira pati?

Mkandapansi:
Akwanira, bola mulawirire. Kuchokera ku Dakar ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 260. Pitani kudepoti ya Baux Maraîchers mukakwere galimoto yomwe amati sept-place, ya anthu 7. Sinyamuka isanadzaze, ndiye mukafika masana mutha kukhalira kudikira. Werengerani maola 4 kapena 5 pamsewu. Chikwama chimalipiridwa pachokha, gwirizanani mtengo asanachimange padenga. Ndalama yake ndi CFA.

Mzinda wakalewo uli pachilumba chapakati pa mtsinje wa Senegal, eni ake amati Ndar. Nchopyapyala: makilomita awiri m'litali, mamita ngati 400 m'lifupi, choncho miyendo yokha ikwanira. Mumalowera pa mlatho wachitsulo wa Faidherbe, wa mamita oposa 500, womwe unatsegulidwa mu 1897. Ngolo za akavalo zilipo zoyendetsa alendo, koma zimangothamangitsa.

Nachisale wa zakale:
Achimwene, muyambire pakati pa chilumba, pabwalo loyang'anana ndi nyumba ya bwanamkubwa. Tchalitchi cha Katolika cha m'ma 1820 chili pomwepo. Kenako mulowere kumpoto mukaone mzikiti waukulu, umene uli ndi wotchi pansanja yake. Afalansa anakhazikitsa mzindawu mu 1659, unakhala likulu la madera awo onse a kumadzulo kwa Africa kuyambira 1895 mpaka 1902, ndipo UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaulemba m'kaundula wake wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse mu 2000.

Koma musakayembekezere nyumba zonyezimira. Makhonde am'mwamba a matabwa ndi zitsulo zopotapota ndi okongoladi, koma makoma ambiri akusuwa. Chilumbacho nchotsika kwambiri, madzi amchere amakwera m'njerwa. Ena pokonza amamata simenti m'malo mwa laimu. Simenti imatsekera chinyezi m'kati, njerwa nkumafumbutuka ngati chigumu chouma. Nyumba zina eni ake ndi adzukulu ambirimbiri osagwirizana, ndiye palibe wokonza. Mukaona khonde lopendekeka, lambalalani.

Madzulo muwolokere ku Guet Ndar, kwa asodzi, pa kamtunda kamchenga ka Langue de Barbarie. Mu 2003 anakumba ngalande ya mamita 4 pa kamtundako kuti madzi osefukira atsikire m'nyanja. Mafunde anaikuza mpaka makilomita angapo, midzi ya kummwera inakokoloka, ndipo mabwato amagubuduka pamenepo. Ku Guet Ndarko musangotulutsa foni nkuyamba kujambula. Perekani moni kaye, salaam aleekum, mupemphe.

Kakowa:
Ndiwonjezere chimodzi. Disembala ndi nyengo yabwino ya ku Djoudj, malo a mbalame omwe ali makilomita ngati 60 kumpoto, komwe mavuwo amaswana mwaunyinji. Kumafuna galimoto yahayala ndi bwato, ndipo theka la tsiku limathera komweko, ndiye sankhani: Djoudj kapena kubwerera ku Dakar kusanade. Mpunga wa nsomba, thieboudienne, kwawo nkomweko ku Ndar. Amaphika wa nkhomaliro, mukafika madzulo mupeza m'poto mwauma.