Thread imodzi ikasintha UID, onse akusintha nawo pa Linux

wa_maseva
Moni akuluakulu. Seva ya mafayilo yolembedwa mu C imayamba ngati root (mwini mphamvu zonse pa kompyuta), ndipo thread iliyonse (kanjira ka ntchito koyenda pakokha mkati mwa pulogalamu) iyenera kutsegula mafayilo m'dzina la amene wapempha. Koma imodzi ikangoitana seteuid(1001), anzake onse akusanduka 1001. Pali njira yoti isinthe yokha?

kachidindo
Wochita zimenezo si kernel (phata la Linux) ayi, ndi glibc, library ya C imene pulogalamu yanu ikudalira. Kwa kernel, thread iliyonse ili ndi UID (nambala ya wogwiritsa ntchito) ndi GID (nambala ya gulu lake) zakezake. Koma POSIX, malamulo amene ma system a mtundu wa Unix amatsatira, imafuna kuti process yonse (pulogalamu imene ikuyenda) ikhale ndi mwini mmodzi, choncho glibc imatumiza signal 33 kwa ma thread onse kuti nawonso asinthe. Ilambalaleni glibc poitana kernel mwachindunji:

syscall(SYS_setgroups, n, magulu);
syscall(SYS_setresgid, -1, gid, -1);
syscall(SYS_setresuid, -1, uid, -1);

Musasinthanitse mizereyi. Mukayamba ndi UID, CAP_SETGID (chilolezo chosinthira magulu) imazima ndipo mizere inayo ibweza EPERM, kutanthauza kuti mwakanizidwa. Ma -1 aja akusiya real ndi saved UID pa 0, ndiwo khomo lobwererera ku root, ndipo pobwerera UID ndiyo iyambe. Pa x86 ya 32-bit itanani SYS_setresuid32 ndi anzake, poti akalewo amathera pa 16-bit.

mlonda_wa_disiki
Ngati nkhani ndi mafayilo basi, setfsuid() ndi setfsgid() n'zokwana, glibc siizifalitsa kwa ma thread ena. Chovuta chake n'chakuti setfsuid() sinena ikalephera, imangobweza nambala yakale. Itananinso setfsuid(-1) muone imene ilipo. Magulu owonjezera siikhudza, setgroups ija ikufunikabe, apo ayi munthuyo awerenga mafayilo ndi magulu a root.

wa_maseva
Zikomo. Ndingatsimikize bwanji kuti zatheka?

kachidindo
Onani mzere wa Uid mu /proc/PID/task/TID/status (PID ndi nambala ya process, TID ndi ya thread). Manambala alipo 4: real, effective, saved ndi fs. Samalaninso kuti thread yatsopano imatengera UID ya imene yaibala, ndiponso library ina ikaitana setuid() wamba, zonse mwakonzazi zafufutika. Core dump (mafayilo a memory otuluka pulogalamu ikagwa) nazo zimasiya kutuluka kwa process yonse mpaka muitane prctl(PR_SET_DUMPABLE, 1).

mlonda_wa_disiki
Komatu musaziyese mpanda zimenezi. Ma thread onse amagawana memory ndi mafayilo otsegulidwa, ndipo saved UID ikadali 0, wolowerera pa thread imodzi abwerera ku root ndi mzere umodzi. Ngati opemphawo simuwadalira, chitani fork() kuti pabadwe process ina, mwanayo ataye UID zitatu zonse ndi setresuid(uid, uid, uid).