Thandizeni: kuchoka ku Joni mpaka ku Nyika, ma repeater angandilumikize ndi kunyumba?

Wobisa dzina: Moni nonse. A admin chonde bisani dzina, alamu anga alimo muno. Mwezi wamawa ndikupita kumudzi pa galimoto, kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete, nkukalowera ku Mwanza, kenako mpaka ku Rumphi poti ana akulirira kukaona mbidzi ku Nyika. Mayi a kunyumba akutsala kuno, abwana awo awakaniza tchuthi, koma akukwiyira ine. Ulendo watha uja foni inangoti zii titangowoloka Limpopo, mayunitsi nkutha osalankhula ndi munthu, pobwerako ndinapeza mlandu woti ndinathimitsa dala. Alamu omwewa anabwereka galimotoyi nkuibweza tayala la sipeya litaphulika, mpaka lero olo pepani. Ndiye ndagula mawailesi awiri a m'manja a Baofeng UV-5R, wogulitsa akuti ukapeza repeater umamveka kutali. Ndipange bwanji kuti mayi azindimva njira yonse? Osanditukwana chonde, BP ndi yokwera kale.

Madala 7Q: IMANI KAYE POMWEPO ACHIMWENE. Wogulitsayo wakudyerani masanasana. Kawailesi kanuko ndi ka mawati 5, ka VHF ndi UHF, mafunde ake amayenda mowongoka, phiri likangotchinga zathera pomwepo. Repeater ndi wailesi yomwe amaiika pamwamba pa phiri kapena pa nsanja, imamva mawu anu pa frequency ina nkuwaponya nthawi yomweyo pa ina. Pa mafunde omwe timawatcha 2 metres, kuyambira 144 mpaka 146 MHz, ziwirizi zimasiyana ndi 600 kHz, inu mumatumizira yapansiyo. Ikuperekezani makilomita makumi angapo, ikakhala pa phiri lalitali mwina kupitirirapo. Inu mukufuna mawu adumphe Zimbabwe ndi Mozambique! Komanso laisensi muli nayo?

Jimmy wa Minibasi: Mayi: "Bambo a ana muli kuti, over." Bambo: "Ndili pa Tete, over." Kumbuyoku kukumveka nyimbo za pa Chigwirizano 😂😂

Nachisale: Inu nkhani apa ndi ya alamuwo. Anga anatenga jenereta kuti akagwiritse pa chinkhoswe, lero ili pa barbershop yawo. Mukawasekerera mudzalira.

Wathiraki wa ku Balaka: Ine pa boda ina anandipeza ndi kawailesi kotereka m'kabini. Mapepala ake ali kuti? Ndinaswera pamenepo dzuwa lonse, katundu wa eni ali pambuyo, kawailesiko nkutsala komweko. Gulani SIM dziko lililonse, mayi muwauziretu kuti muziimba mukafika pakutipakuti. Zinazi nkudziputira.

Madala 7Q: MWAMVATU? Ku South Africa umayamba walemba mayeso a SARL, bungwe la okonda mawailesi otere, laisensi amapereka ndi a ICASA omwe ali ngati MACRA ya kumeneko, callsign, dzina lako la pa wailesi, nkuyamba ndi ZS kapena ZR. Kwathu ndi MACRA, ife ndife 7Q. Zimbabwe ndi POTRAZ, Z2. Mozambique callsign imayamba ndi C9. Dziko lililonse mukafunse chilolezo chake musanadine batani. Ndipo mayiwo akufunika yawoyawo, ya mwamuna sigwira mkazi. Wailesi yeniyeni ndi ya HF basi, ya mafunde ofika kutali. Pa 7 MHz, waya kumangirira mu mtengo wa mango, batire la galimoto, mawu amakagunda kumwamba nkugwera dziko lina. Osati tidoli ta ana iti.

Kelvin Tech: Madala zanuzo ndi za nthawi ya Kamuzu. Intaneti ya satellite ya Starlink inalowa ku Malawi mu 2023. Apo ayi ikani pa foni EchoLink, pulogalamu yolumikiza ku ma repeater kudzera pa intaneti, mulowa mu repeater ya ku Joni muli ku Rumphi.

Madala 7Q: Iwe mwana, EchoLink imafuna callsign, imafunanso intaneti. Intaneti ikakhalapo bwanji osangoimba pa WhatsApp? Freddy atawomba mu March 2023, magetsi atathima, mafoni anuwo munkatchaja ndi chiyani?

Kelvin Tech: Nanga inu ndi waya wanu wa mu mangoyo munapulumutsa angati?

Madala 7Q: Admin, mwanayu alibe mwambo.

Mayi Busa: Ulendo ndi Mulungu abale. Pempherani musananyamuke, ndipo alamuwo muwakhululukire, musayende ndi chakukhosi.

Tiya ZR: Bambo, mukakhala ndi laisensi, lowetsaniretu ma repeater a m'njira musananyamuke, zovuta kuchita muli pa chiwongolero. Ambiri a ku South Africa satseguka popanda toni ya CTCSS, kaphokoso kapansi komwe wailesi imatumiza limodzi ndi mawu anu, kawirikawiri 88.5 Hz. Mukaiwala imeneyo muzimva anzanu koma inu osamveka. Mndandanda wa ma repeater uli pa webusaiti ya RepeaterBook, koma funsaninso kalabu ya m'deralo chifukwa ena anafa kalekale, dzina lokha ndi lomwe linatsala. Frequency yoitanirana popanda repeater ndi 145.500 MHz. Mukawoloka Limpopo musadalire zimenezi. Ngati cholinga nchakuti mayi adziwe kuti muli moyo, kachipangizo ka Garmin inReach kamatumiza uthenga kudzera pa satellite za Iridium, mumalipira pamwezi. Mafuta mudzadzitse pa Rumphi, kuchoka pa geti la Nyika la Thazima kukafika ku kampu ya Chelinda ndi msewu wafumbi wautali. Mukuyenda galimoto zingati?

Nachisale: Mayi Busa, kukhululuka kulipo, koma jenereta ibwere kaye.

Wobisa dzina: Zikomo nonse. Alamu aja aiona post, andiimbira, akuti tayalalo linali lakutha kale. Nanga nditagula mlongoti wautali uja wa maginito woika pa denga sizingatheke?

Madala 7Q: LAISENSI. MULI. NAYO?

Jimmy wa Minibasi: Madala pumani, BP ikwera yanu tsopano.

Esnart Katundu: Achimwene ngati m'galimotomo muli malo ndili ndi mabulangete ndi kafiriji kakang'ono kopita ku Mzimba. Onani inbox.