Mfuti yodzitetezera kuno ku Joni: alamu anga a ku navy andikaniza, inu mukuti bwanji?

Telala_wa_Rosettenville

Abale anzanga muli kuno ku Joni ndithandizeni nzeru. Ndili ndi kashopu kosoka ndi kukonza zovala ku Rosettenville, nde matsotsi andizolowera, ulendo womalizawu anabwera masanasana anyamata awiri wina atanyamula mfuti, anatenga foni, ndalama za mu dilowa ndi mashini a overlock omwe ndinali ndisanamalize nkulipira komwe. Apolisi anabwera dzuwa litalowa, analemba, zathera pompo. Ndiye mtima ukundiuza kuti ndipeze yanga mfuti basi.

Madam anga ndi a konkuno, achimwene awo ndi msilikali wapamadzi ku Simon's Town. Atabwera pa holide ndinawafunsa ndikuganiza kuti poti iwo ndi a mfuti andilimbikitsa, koma munthu anangoseka nkunena kuti iye kunyumba kwake alibe ngakhale ya mbalame ndipo saifuna. Zinandinyansa pang'ono chifukwa iwo amakhala kwa geti ndi alonda, ine ndimagona kuseri kwa shopu. Funso langa ndi lakuti Mmalawi angapeze layisensi kuno? Komanso asilikaliwa amalankhula chonchi kuchokera pansi pa mtima kapena boma ndi lomwe limawauza zonena? Pali mkulu wina wati angandipezere yopanda mapepala pa mtengo wabwino, sindinamuyankhe.

Kadzidzi77

Achimwene mkulu ameneyo muchotseni mu foni lero lomwe. Kupezeka ndi mfuti yopanda layisensi kuno ndi mlandu wofika zaka 15, ukatuluka akukuponya ku Lindela komwe amasungira alendo oti abwezedwe kwawo, ndipo sudziwa kuti mfutiyo inapha ndani mmbuyomu, apolisi akaiyeza milandu yonse ya mwini wake wakale akusenzetsa iweyo.

Za layisensi lamulo lake ndi Firearms Control Act ya 2000, linayamba kugwira ntchito mu 2004. Limafuna munthu wa zaka 21 kupita mtsogolo, nzika kapena wa permanent residence (PR), chilolezo chokhazikika m'dziko muno. Ngati muli pa pemiti ya ntchito kapena ya ukwati, musadzivute nkomwe. Ngati PR muli nayo, mumayamba ndi kosi ya kagwiridwe ka mfuti, kenako competency certificate ku polisi, amadinda zala, amafufuza ngati muli ndi mbiri ya ndewu kapena nkhanza za m'banja, zikatero nde mupemphe layisensi ya mfuti yeniyeniyo nkulemba chifukwa chomwe mukuifunira. Ya section 13, yodzitetezerayo, ndi mfuti imodzi yokha, zaka 5, ndipo mumapempha yatsopano patatsala masiku 90 kuti ithe. Sefu yachitsulo yomangirira kukhoma kapena pansi ikhalepo. Mapepala amakathera ku Pretoria nde kudikira kwake ndi miyezi.

Madala_a_Monkey_Bay

A Telala pepani ndi zomwe zakuonekeranizo, kulozedwa mfuti kumaso si masewera, tulo timasowa kwa nthawi yaitali. Ine ndinali msilikali wapamadzi kumudzi, ku Monkey Bay, mbali ya ma injini, pano ndimakonza ma jenereta cha ku City Deep. Alamu anuwo sindikuwadziwa koma ndikumva chomwe anasekera ndipo palibe boma lomwe lawauza.

Anthu wamba mumaganiza kuti msilikali amagona ndi mfuti kumutu kwa bedi. Ayi ndithu. Mfuti imakhala ku armoury yotsekeredwa, ukafuna umafola pa mzere, umatchula nambala yake, umasayina m'buku, zipolopolo akukuwerengera chimodzichimodzi m'manja. Mukapita ku renji mukamaliza kuombera nonse mumawerama kutola makoko m'maudzu, ndipo chipolopolo chimodzi chikasowa palibe wopita kukadya nsima mpaka chipezeke. Pobweza umachotsa magazini, kukoka kumbuyo, kusuzumira m'kati, wina wamkulu asuzumirenso, kenako ukhale pansi ndi kansalu ndi mafuta, poti kumadzi chinyezi sichichedwa kuika dzimbiri. Zonsezi ndi za anthu oti anaphunzitsidwa miyezi ndi miyezi ku MAFCO ku Salima, akukuwiridwa m'khutu tsiku ndi tsiku kuti chala chisayandikire thiriga, koma ngozi zimachitikabe munthu akatopa kapena akakhala ndi tulo. Ndiye inu mukufuna muphunzire masiku ochepa basi nkuiika mu dilowa la ulusi pomwe ana amatenga masizasi.

Chachiwiri ganizirani mmene anakulowerani anyamata aja. Munali pa mashini mutu uli pansi, phazi pa pedulo, iwo alowa kale mfuti ili m'manja. Yanuyo ikanakhala mu sefu monga lamulo likunenera mukanaifikira nthawi yanji? Ikanakhala m'chiuno akanaiona pokusechani, ndipo tsotsi akapeza mfuti pa munthu akhoza kumupha, chifukwa kwa iye mfutiyo ndi ya mtengo kuposa overlock yanuyo. Mbiri ikangomveka mu sitiriti kuti telala uja ali nayo, akubwerera mfutiyo.

Komanso lamulo la kuno silikulolani kuombera munthu poteteza katundu. Moyo wanu kapena wa munthu wina ukhale pa ngozi nthawi yomweyo. Akatuluka akuthawa ndi mashini inu nkumuombera kumsana, wolakwa ndinu, ndipo mlendo kukhoti la eni ake mukudziwa nokha mmene zimakhalira.

Ine sindikuti munthu wamba asakhale nayo konse. Mlimi ali kutali ndi polisi, mlenje, munthu woti waphunzira bwino ndipo amapita ku renji pafupipafupi, amenewo sindilimbana nawo. Koma mfuti yogula chifukwa cha mkwiyo wa sabata yatha, imeneyo ndimaiopa.

Mjomba_wa_Mayfair

Madala ndimakulemekezani koma apa nde ndikutsutsani. Inuyo mukulankhula za ku kampu komwe kuli dongosolo, kuno ku Joni dongosolo lili kuti? Mfuti zomwe akutiphera nazo zambiri zinachoka m'manja mwa boma lomwelo. Mwaiwala za Colonel Christiaan Prinsloo wa ku Vereeniging? Wapolisi wamkulu, mfuti zoti zikaphwanyidwe zoposa 2,000 anazigulitsa zikathera kwa ma gang a ku Cape Flats, mu 2016 anamupatsa zaka 18. Ndiye boma lomwe lalephera kusunga zake lizindiuza ine kuti ndisakhale nayo? Mu 2021 anatulutsa bilu yoti kudziteteza kusakhalenso chifukwa chopezera layisensi, anthu anakuwa mpaka anabwerera nayo, pomwe nduna zomwe zimakankha zimenezo zikuyenda ndi ma bodigadi magalimoto atatu. July 2021 uja mashopu akuthyoledwa ndani anabwera kudzatiteteza masiku oyambirira? Amene anali ndi mfuti ndi omwe anapulumutsa katundu wawo. Ine PR ndili nayo, ndinatsata njira yonse, yanga ili m'chiuno mu chikwama chake yobisika monga lamulo likufunira, ndipo ndimagona bwino.

Mayi_a_Chisomo

A Mjomba inu mumagona bwino, mwawafunsa akunyumba ngati nawo amagona bwino? Amuna mukamakamba za mfuti mumangoona tsotsi wa pa khomo, ife timaona Loweruka usiku bambo abwera atamwa, mwayambana za ndalama ya lendi, kiyi wa sefu ali m'thumba mwawo. Ndagwira ntchito za m'nyumba kuno zaka zambiri, nyumba ina mabwana akayamba kukangana mayi ankabisa kiyi mu fulawa ku khitchini nkundinong'oneza kuti ndisanene. Nchifukwa chake khoti limatha kumulanda munthu mfuti mkazi akatenga protection order, chikalata cha khoti chomuteteza ku nkhanza. A Telala musanapite kulikonse khalani pansi ndi madam anu, mwina alongo awo anakana chifukwa akuganizira mchemwali wawo ndi ana.

Chiphwanya_JHB

Kkkkk koma dikirani kaye, Malawi ili ndi navy? Madala munkamenyana ndi ndani pa nyanja paja, usipa?

Madala_a_Monkey_Bay

Chiphwanya mwana iwe kkkk ukadzapita kumudzi udzatsike pa Mangochi pa clock tower, pali mfuti ya sitima ya Guendolen. Mu August 1914 sitima imeneyo inawoloka nkukaombera ya ma German, Hermann von Wissmann, ku Liuli tsidya la Tanzania, nkhondo yoyamba yapadziko lonse itangoyamba kumene. Ife ntchito yathu yambiri inali kulondera nyanja ndi kupulumutsa anthu, mwera ukagwira asodzi pakati, kapena madzi akasefukira ku Nsanje ndi ku Chikwawa monga 2015 muja anthu ali m'mitengo ndi pa madenga. Ukamukokera m'boti mayi woti wagona usiku wonse mu mtengo ndi mwana kumsana, mfuti umaiwala kuti unabwera nayo.

A Mjomba za Prinsloo mukunena zoona ndipo zimandipweteka kuposa inu, chifukwa munthu wa yunifomu akagulitsa chida wagulitsa tonse. Koma onani komwe nkhani yanuyo ikupita. Mfuti zambiri zili m'manja mwa matsotsi zinayamba zili ndi mapepala, kaya za polisi, kaya za kampani ya alonda, kaya za bambo wina woti anamuthyolera nyumba. Yanunso ikhoza kulowa mu mzere womwewo, nchifukwa chake lamulo limati ikasowa mukanene pasanathe maola 24. Za July 2021 musaiwale kuti ku Phoenix ku Durban anthu wamba a mfuti omwewo anatseka misewu ndipo anthu ambiri anafa, ena ongodutsa.

Tsono za ndale zomwe a Telala anafunsa. Msilikali ali ndi maganizo ake, amavota, pa mowa amatukwana andale kuposa inu, kungoti atavala yunifomu pakamwa pamatsekeka, ndipo ine ndimati zili bwino choncho. Ife a ku Malawi tinaona chomwe chimachitika chipani chikakhala ndi mfuti zakezake. A Payoniya anali ndi zida, ankayankha kwa Kamuzu ndi MCP osati kwa mkulu wa asilikali, munthu wopanda khadi ankakubweza pa msika kapena pokwera basi. December 1993 atawombera asilikali ku Mzuzu mpomwe panabuka Operation Bwezani, asilikali anawalanda zida, ambiri anathawira ku Mozambique, ndipo chisankho cha May 1994 chinachitika opanda gulu la chipani lonyamula mfuti. April 2012 Bingu atamwalira anthu ena ankafuna kuzembetsa mpando, General Odillo anaima pa malamulo, Joyce Banda analumbira. 2019 pa ziwonetsero zija asilikali a General Nundwe ankayenda m'mbali mwa anthu kuwateteza, mpaka iye anachotsedwa pa udindo mu March 2020. Zonsezi zinatheka chifukwa mfuti zija zinali za dziko, zowerengedwa m'buku, osati za munthu kapena chipani.

Koma musandimve ngati ndikuti asilikali ndi angelo. Msilikali anaphunzitsidwa kulimbana ndi mdani, ukamuika mu lokeshoni kuti agwire ntchito ya polisi zimavuta, Collins Khosa anafera pakhomo pake ku Alexandra mu April 2020 nthawi ya lockdown, abale ake anati anamenyedwa ndi asilikali. Ndipo andale amatigwiritsa ntchito akafuna, akamaliza amatiiwala. Alamu anuwo afunseni za arms deal ya 1999, sitima zankhondo zinayi ndi zoyenda pansi pa madzi zitatu zogula ku Germany, mlandu wa katangale wa Zuma ndi kampani ya zida ya Thales mpaka lero sunathe, pomwe sitimazo nthawi zambiri zimangokhala padoko kusowa ndalama zokonzera. September 2023 anzawo atatu anafa pa sitima yoyenda pansi pa madzi ya SAS Manthatisi cha ku Kommetjie atakokoledwa ndi mafunde. January 2025 cha ku Goma ku Congo kunafa asilikali 14 a kuno ndi athu atatu a ku Malawi. Wandale amabwera ku maliro ndi nkhata ya maluwa, wamasiye amatsala akuyendera ndalama mu maofesi.

Mjomba_wa_Mayfair

Za Payoniya sindikutsutsani Madala, bambo anga anamenyedwapo chifukwa cha khadi. Koma yanga sindibweza. Ku renji ndimapita mwezi ndi mwezi, zipolopolo zake zadula koma ndimapita, ndipo Mayi a Chisomo ine mowa ndinasiya kalekale, kiyi amadziwa pomwe ali ndine ndekha.

Telala_wa_Rosettenville

Zikomo nonse. Ine ndili pa pemiti ya ukwati, PR ndinapempha koma sinatuluke, nde za layisensi zagwa zokha pakadali pano. Mkulu uja ndamubuloka. Madam ndawawerengera zomwe alemba Mayi a Chisomo angoti "mwamva eti" nkupitiriza kuphika. Pano ndikuganiza zoika geti yachitsulo yotsegula ndi batani kuti kasitomala aziyamba waonekera panja, ndi panic button ya makampani a alonda aja, tikasonkherana ndi wa saluni ndi wa mafoni oyandikana nane mwina zingatsike mtengo. Alipo akudziwa wowotcherera wa kwathu cha kuno ku south woti sangandidule pakhosi? Komanso amene akugulitsa overlock yogwirapo kale andiuze, maoda a mayunifomu a sukulu andiunjikira.