Maapozi otsala: kodi kopaletivi yathu ingapange juwisi?

Mlimi wa ku Dedza:
Chaka chilichonse maapozi ang'onoang'ono ndi opindika amatitsalira, chifukwa ogula m'tauni amakonda aakulu ochokera ku South Africa. Gulu lathu likufuna kumawafinya n'kugulitsa juwisi. Tiyambire pati kuti asamawonongeke m'mabotolo?

Mayi wa ku Ntcheu:
Bambo, vuto lalikulu ndi kusasa. Juwisi wosatenthetsa amayamba kuchita thovu m'masiku ochepa, ndipo ife botolo lina linatiphulikira pashelefu. Mukafinya ndi kusefa, mutenthetseni mpaka madigiri 75, osafika pobwata chifukwa kukoma kumathawa, kenaka mumuthire ali wotentha m'mabotolo owiritsidwa kale. Madzi a mandimu pang'ono amaletsa kuti asade.

Mlangizi wopuma pantchito:
Ndiwonjezere chinthu chimene ambiri amachipeputsa. Maapozi ogwa okha ndi owola mbali imodzi musawafinye, pakuti chuku chake chimatulutsa poizoni wotchedwa patulin, amene satha ngakhale mutatenthetsa. Musanalowe m'masitolo, lembetsani kopaletivi ku Unduna wa Zamalonda, ndipo juwisiyo akayezedwe ku Malawi Bureau of Standards.

Mlimi wa ku Dedza:
Zikomo. Ogwa okhawo tizipereka kwa nkhumba.