Timakeke ta mapeyala ndi mabulosi ta pa Tsiku la Anakubala

9 Okutobala

Mayi Aakulu: Mwadzuka bwanji nonse. Pa 15 pano ndi Tsiku la Anakubala, tikumana kwa Mayi ku Zomba monga tinapanganira. Za nkhuku ndi mpunga zatha kale. Chatsala ndi cha pa tiyi masana. Keke yogula ija chaka chino ayi, Mayi anangonyambita kirimu n'kuisiya.

Malume Zomba: Tadzuka achemwali. Chigumu chili apo, bwanji osangophika chimenecho?

Mayi Aang'ono: Chigumu ndi cholimba achimwene, mano a Mayi mukuwadziwa. Ine ndimati tipange ma muffin, timakeke ta m'makapu tija, tofewa. Mmalo mwa majarini tiikemo mapeyala, ndiye tithiremo mabulosi a mtengo wa kuseri kwa khitchini. Apsa kale eti?

Msuweni: Apsa azakhali, nkhuku zikungotola pansi. Ana onse pano milomo ndi yakuda.

Malume Zomba: Peyala mu keke? Peyala timadyera mbatata kapena kupaka pa buledi. Mukufuna mutiphere Mayi pa tsiku lawo lomwe?

Achimwene Joni: 😂😂 Malume musaope, kuno ku Johannesburg amapanga zimenezi. Simungadziwe n'komwe kuti muli peyala.

Malume Zomba: Iwe uli kutali, sudzadya nawo, n'chifukwa chake ukuvomereza msanga.

Mayi Aang'ono: Tamverani kaye. Ntchito ya majarini mu keke ndi mafuta, kuti isaume. Peyala nalo lili ndi mafuta ambiri, ndiye ukaliphwanya bwinobwino limagwira ntchito yomweyo. Muyeso wake ndi womwewo, theka la kapu ya majarini, theka la kapu ya peyala. Fungo lake silimveka likapsa, chimene chimasintha ndi mtundu basi, m'kati mumaoneka mobiriwira pang'ono.

Malume Zomba: Keke yobiriwira. Chabwino, ndikhala ndikuonerera.

Ine: Vuto ndi mapeyalawo mayi aang'ono. Nyengo yake ndi ya dzinja mpaka cha m'ma Epulo, pano ndi osowa. Amene ndinawaona ku Limbe ndi olimba ngati miyala, mtengo wake osanena.

Alamu: Mawa ndikudutsa pa Bvumbwe pochokera ku Thyolo, ndikayang'ana. Angati?

Mayi Aang'ono: Tiwerenge kaye anthu.

Mayi Aakulu: Ndi ana omwe tikwana 40. Onjezerani a kwa aneba, Mayi sangadye okha anthu akuyang'ana pa mpanda.

Mayi Aang'ono: Ndiye tipange 48, kuphika kanayi, 12 ulendo uliwonse. Alamu gulani mapeyala 6 akuluakulu. Ofunika ndi 4, awiriwo ndi oti mwina ena akapezeka oola m'kati. Gulani osapsa, apsere kunyumba.

Alamu: Akapanda kupsa pofika pa 14?

Mayi Aakulu: Muwavundike m'thumba la gaga monga ankachitira Mayi, muikemo ndi nthochi yakupsa imodzi. Masiku anayi ndi kutentha kwa Okutobala kuno apsa. Musawaike mu fuliji.

10 Okutobala

Alamu: Apezeka 6. Awiri ndi aang'ono a khungu lokhakhala aja, anayi ndi athu akuluakulu osalala.

Mayi Aang'ono: Zikomo alamu. Aang'onowo ndiye abwino kwambiri, ali ndi mafuta ambiri. Akuluakuluwo amakhala ndi madzi, ndiye tikagwiritsa amenewo tidzachepetsa chambiko n'kuonjezera masipuni awiri a mafuta ophikira. Ndilembe muyeso pompano kuti aliyense akhale nawo, netiweki ya ku Zomba siidalirika. Wa timakeke 12:

Fulawa makapu 2
Shuga theka la kapu ndi pang'ono
Baking powder timasipuni 2 ta tiyi
Mchere kachitsine
Peyala lophwanya theka la kapu, lodzaza bwino
Mazira 2
Chambiko theka la kapu
Madzi a ndimu sipuni imodzi
Mabulosi kapu imodzi

Zouma mu beseni lake, zamadzi mu beseni lake, kenako kuphatikiza.

Ine: Soda mwaiwala.

Mayi Aang'ono: Sindinaiwale mwanawe, ndamusiya dala. Soda akachuluka n'kukumana ndi madzi a mabulosi, keke imasanduka yotuwa mobiriwira mozungulira chipatso chilichonse, munthu n'kumaganiza kuti yachita nkhungu. Ndi peyala lobiriwira kale, malume ako angapeze ponenera. Baking powder yekha akwanira. Ndimuyo ntchito zake ndi ziwiri, amasunga mtundu wa mabulosi komanso peyala silida ukangoliphwanya. Finyirani pomwepo musanachite china chilichonse.

Msuweni: Sitiroberi bwanji? Ku Chawe akugulitsa m'mbali mwa msewu wokwera phiri. Ndikhoza kukwera pa kabaza mpaka m'munsi, kwinako wapansi.

Achimwene Joni: Iwe ukufuna ukaone ndani kuphiriko? Tiuze zoona.

Msuweni: Asuweni khalani chete, tumizani ndalama basi.

Mayi Aang'ono: Sitiroberi ndi zabwino koma zimatulutsa madzi ambiri mu uvuni, keke imanyowa m'kati. Ukagula kambale kamodzi tizidule ting'onoting'ono, tiike mu ulendo umodzi wokha. Maulendo atatuwo mabulosi aulere a pakhomo.

Mayi Aakulu: Pali nkhani ya shuga ya Mayi. Kuchipatala anawauza kuti achepetse zotsekemera.

Mayi Aang'ono: Ulendo woyamba ukhale wawo, shuga tingoika masipuni atatu, kutsekemera kwina kuchokere ku mabulosi akupsa kwambiri. Koma fulawa naye amakweza shuga m'thupi achemwali, ndiye adye kamodzi ndi tiyi wopanda shuga, osati tiwasiyire mbale yonse pa mkeka.

Malume Zomba: Amene akawalande mbaleyo ndi ndani? Ine ayi.

Mayi Aakulu: Ndidzawalanda ndine, ndinazolowera kukalipiridwa.

12 Okutobala

Malume Zomba: Mwaganizapo za magetsi? Kuno akumazima m'mawa kuyaka usiku. Uvuni ya akazi anga ilipo koma musaidalire.

Ine: Ndiye tiphikire ku Blantyre tibwere nato?

Mayi Aang'ono: Ayi. Ta zipatso sitichedwa kuonongeka kukatentha chonchi, ndipo mu minibasi tikafika tophwanyika. Tiphikire komweko pa 14 madzulo kapena pa 15 m'mamawa. Magetsi akakhalapo, uvuni pa madigiri 175, mphindi 20 mpaka 25. Osapitirira pamenepo, za peyala zimafiira msanga pamwamba m'kati musanapse, ndipo peyala likapsa mopitirira limayamba kuwawira. Magetsi akazima, mbaula.

Msuweni: Thireyi ya mabowo 12 ija singalowe mu mphika azakhali.

Mayi Aakulu: Thireyi ya chiyani? Makapu achitsulo a Mayi ali mu kabati, oposa khumi. Mutenge sefuliya yaikulu ya pa maliro ija, pansi mchenga wouma wa ku mtsinje kuya kwake ngati zala ziwiri, muutenthetse kaye. Makapu muwapake mafuta, muwazemo fulawa pang'ono, muwaimike pa mchengapo. Pamwamba chivundikiro cha lata ndi makala amoto. Moto wambiri ukhale pamwamba, pansi wochepa, apo ayi mudya makala. Ife zigumu za pa chinkhoswe cha amalume anuwa tinaphika choncho, panalibe ndi uvuni yomwe.

Mayi Aang'ono: Eya. Kungoti osadzaza kapu, phala lifike pakati ndi pang'ono. Ndipo pa mbaula musamavundukule pafupipafupi, mphindi 15 zoyamba osakhudza. Kenako mubaye ndi kamtengo koyera pakati, kakatuluka kouma ndiye kuti tapsa. Pobaya pewani bulosi, lingakunamizeni.

Malume Zomba: Makala thumba lilipo. Mchenga atunge anyamatawa ku Likangala, auyanike lero lomwe.

Ine: Ine ndi msuweni tithyola mabulosi pa 14 m'mawa.

Mayi Aang'ono: Yalani chitenje chakale pansi mugwedeze nthambi, akupsa amagwa okha. Ofiira musatole, ndi owawasa, tikufuna akuda. Mutsuke mofatsa mu beseni, osati pa mpopi, muchotse timichira tobiriwira tija ndi lumo kapena sizasi, Mayi tingawatsamwe. Muwayanike pa lichero mumthunzi aume. Tisanawathire mu phala tidzawagubuduza mu fulawa sipuni imodzi kuti asamire onse pansi. Ndipo amene adzatakase asatakase ngati akuvundula nsima. Fulawa akangosowa basi, siyani, ngakhale muli timibulu. Mukalimbikira mthiko timakeke timatuluka tolimba.

Msuweni: Ndiye asuweni anga awa asagwire mthiko, dzanja lawo ndi la nsima ya kondowole.

Ine: Iwe thyola mabulosi, usavale malaya oyera aja.

13 Okutobala

Achimwene Joni: Ndatumiza pa Mukuru kwa mayi aakulu, ya fulawa, mazira ndi chambiko. Yotsala mugulire agogo chitenje. Mundiimbire pa vidiyo akamaluma koyamba, ndikufuna ndione nkhope ya malume.

Mayi Aakulu: Yafika mwanangu, Mulungu akudalitse. Ndagula fulawa wa 2kg, mazira 10, chambiko mapaketi awiri, baking powder kachitini. Shuga ali kale ku Zomba. Mandimu?

Malume Zomba: Mu mtengo muno mwatsala ochepa, ndathyola atatu.

Alamu: Mapeyala anayi afewa, awiri akadali olimba. Ofewawo nditani?

Mayi Aang'ono: Atulutseni mu gaga, amenewo tsopano alowe mu fuliji kuti asapitirire. Olimbawo asiyeni momwemo, mubwere nawo ndi thumba lomwelo. Ine ndinyamuka ku Lilongwe ndi basi ya m'mawa, ndikatsikira pa Chinamwali cha m'ma 2 koloko. Thireyi ndi timapepala ta makeke ndanyamula.

Malume Zomba: Mayi ndawauza. Akuti mapeyala awo musawaononge onse, limodzi muwasiyire adye ndi mchere.

Mayi Aakulu: Alamu mwamva, limodzi laling'onolo ndi la Mayi. Ndiye otsala 5, akwanabe?

Mayi Aang'ono: Akwana. Msuweni wako akumbutse za mchenga, usakhale wonyowa.

Msuweni: Uli pa lata kuyambira dzulo. Sefuliya ndiye ili kwa aneba, anabwereka sabata yatha.

Malume Zomba: Pita ukaitenge pano, usadikire mawa.